Sedum wanu sakufa ndi ludzu, mayi, akumira

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti kachomera kake ka Sedum, ka masamba onenepa kaja, kayamba chikasu, masamba afewa ndipo akuthothoka, chonsecho amakathirira m'mawa uliwonse. Akufunsa ngati awonjezere madzi kapena feteleza.

Mayi, zonse ziwiri ayi. Funso lanu landikhudza chifukwa zomera zimenezi zimafera m'manja mwa anthu amene amazikonda kwambiri.

Taganizirani kumene mtundu umenewu umachokera. Sedum acre amamera pa mchenga wouma, pamiyala ndi pamakoma ku Ulaya, osatalika kupitirira masentimita 10. M'bale wake Orostachys spinosa amakhala m'zigwa zouma za udzu ku Mongolia ndi Siberia, kumene amapirira dzuwa, mphepo ndi chisanu choopsa. Kumeneko mvula ikagwa madzi amangodutsa mumchenga, mizu n'kumwa msangamsanga, masamba n'kusunga. Tsamba lonenepalo ndiye mtsuko wake.

Ngakhale kapumidwe kake n'kosiyana. Zomera zambiri zimatsegula timabowo ta m'masamba masana, madzi n'kumatuluka. Zambiri za banja la Sedum, lotchedwa Crassulaceae, makamaka madzi akasowa, zimatsegula usiku kukazizira, n'kusunga mpweya ngati asidi, kukacha zimatseka n'kuugwiritsa ntchito padzuwa. Chomera chosamala madzi chonchi inu n'kumachithirira tsiku ndi tsiku! Mizu nayo imafuna mpweya. Dothi likakhala chinyontho nthawi zonse imabanika, nkhungu imalowa, mizuyo imada bii n'kuola. Mizu yoola simwa, ndiye masamba amafota ngati a ludzu, mwini wake n'kuwonjezeranso madzi.

Pali langizo lina limene ndimalikana kwamtuwagalu: loti muike miyala pansi pa mphika wopanda bowo. Madzi sapita kulikonse, amangodikha pafupi ndi mizu. Mphika wopanda bowo si wa chomera chimenechi, ukongole bwanji. Wadothi woumba ndi wabwino kuposa wapulasitiki poti umauma msanga. Mchenganso si wonse. Wosalala uja umagwirana n'kutseka mpata wa mpweya. Funani wokhakhala, wa timiyala tokula mamilimita 2 mpaka 4. Feteleza wambiri amakulitsa chomera chofewa, chosachedwa kuola, ndipo mthunzi umachitalikitsa, masamba n'kutalikirana, mtundu n'kuyezuka.

Chochita lero

Zulani chomeracho, sasani dothi lonse. Ndi mpeni woyera dulani chilichonse chakuda kapena chofewa mpaka mufike pamene tsinde lili lolimba, lopanda banga mkati. Chigonekeni pamthunzi podutsa mphepo masiku 3 mpaka 5 kuti bala liume. Bzalani m'dothi louma la magawo awiri a mchenga wokhakhala ndi gawo limodzi la dothi, ndipo musathirire kwa sabata yathunthu. Kenaka thirirani mpaka madzi atulukire pansi, tayani otsalira m'mbale ya pansi pa mphika, ndipo musabwerezenso mpaka kamtengo kamene mwazika m'dothi kufika pansi katuluke kouma. Tsamba lochita makwinya koma lolimba ndiye la ludzu. Lonyezimira, lofewa ngati lophika, lakhuta madzi.

Ngati tsinde laola lonse, dulani nsonga zolimba za masentimita 5, ziume masiku awiri, muzizike pang'ono pa mchenga wouma. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzaona timizu toyera.