Musanaode pampu ya madzi otentha ku Joni

Achimwene, mwafunsa kuti bizinesi yobweretsa mapampu oyendetsa madzi otentha imayenda bwanji, poti eni loji ina ku Likhubula akufuna imodzi chiperoni cha June chisanafike. Katunduyu phindu lake limathera pa kulakwitsa saizi. Mukalakwitsa, kubweza ku Johannesburg kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge n'kodula kuposa pampuyo.

Musanyamuke musanamufunse pulambala wa pamalopo zinthu zitatu: mphamvu ya boila m'makilowati, kutalika kwa paipi kupita ndi kubwerera, ndi kukula kwa paipiyo.

Masamu ake ndi awa. Chulukitsani makilowati ndi 0.86, mugawe ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa madzi opita ndi obwerera; yankholo mulichulukitse ndi 1,000 kuti mupeze malita pa ola. Boila ya 12 kW, kusiyana madigiri 10, ikufuna malita pafupifupi 1,000 pa ola. Mphamvu ya pampu imayezedwa m'mamita, kutalika komwe ingakankhire madzi m'mwamba. Madzi ochuluka chonchi m'paipi ya kopa ya 28 mm amadya mphamvu ya pampu pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pa mita iliyonse. Paipi ya mamita 80 ndiye mamita 1.2, onjezerani theka lake chifukwa cha makona ndi mavavu, kenako mita imodzi ya mu boila. Mwafika pa mamita pafupifupi atatu.

Ambiri amapusitsidwa ndi nambala ya pa bokosi. Pa Grundfos UPS 25-60, kapena Wilo 25/6, 25 ndi kukula kwa polowera madzi m'mamilimita, pomwe 60 (kapena 6 pa Wilo) akutanthauza mamita 6, koma mamita 6 amenewo imawafika madzi asakuyenda n'komwe. Pemphani wogulitsa akuonetseni tchati, muone ngati pa malita 1,000 ikufikabe mamita atatu. Ya 25-60 imafika bwinobwino. Koma paipi ikakhala ya 22 mm, kulimbana kwa madzi kumaposa katatu, ndipo pampu yomweyo siikwanitsa. Kutalika kwa nyumba musakuwerengere ngati madzi akungozungulira m'mapaipi otsekeka, chifukwa otsika amakoka okwera.

Kugula yaikulu kuti kasitomala asadandaule si nzeru. Mapaipi amalira usiku wonse, kopa imadyeka m'makona, mayunitsi a Escom n'kumangotha.

Ngati madziwo ndi omwewo osamba, tengani ya bulonzi kapena stainless. Yachitsulo wamba ndi ya madzi ozungulira okhaokha. M'madzi atsopano imachita dzimbiri, alendo n'kumasamba madzi ofiira. Onaninso utali wake, 130 mm kapena 180 mm, ndipo mayuniyoni ndi magasiketi mugulire komweko, kuno amavuta. Ikhale ya 230 V, 50 Hz; ya ku America ya 115 V isiyeni.

Pamalire a MRA amafuna invoisi yeniyeni. Satifiketi ya SADC imathandiza katundu wopangidwa m'mayiko a SADC basi, choncho pampu yopangidwa ku Ulaya kapena ku China, ngakhale mwaigula ku Joni, msonkho wake muuikiretu pa mtengo.

Popereka katundu muuzeni pulambala aike shafiti chogona, muvi wojambulidwa pa pampu uloze komwe madzi akupita, ndipo atulutse mpweya pa sikuluu ya kutsogolo asanayatse. Ikalira yopanda madzi, mabeyaringi amawonongeka msanga. Ikakana kudzuka itakhala miyezi yotentha osagwira ntchito, amasule sikuluu yomweyo, apotokole shafiti ndi sikuludiraiva asanakuimbireni kuti munamugulitsa yakufa.