Amalume, mafuta a kokonatiwo musathire m'damu

Amalume, mwaswera bwanji ku Lunzuko? Funso lanu ndalimva, loti makumba a m'damu mwanu ayamba zilonda, ndiye wina wakuuzani kuti muthiremo mafuta a kokonati. Chonde, dikirani kaye.

Amene wakuuzaniyo sananame kwenikweni ayi. Pafupifupi theka la mafuta amenewa ndi chinthu china amati lauric acid. Chimenechi chimaboola kakhungu kakunja ka mabakiteriya ena, ndiye amafa. Chimalimbana bwino ndi aja amati Streptococcus, amene amavutitsa nsomba zowetedwa za mtundu wa chambo. Koma palinso ena, Aeromonas, amene kawirikawiri ndiwo amabweretsa zilonda zofiirazo. Amenewa khungu lawo ndi lophatikiza, mafutawo sawalowa msanga. Komanso akatswiri akamayesa zimenezi amayesera mulabu, kapena amasakaniza pang'ono chabe m'chakudya cha nsomba, osati kukhuthula botolo lonse m'madzi.

Inu mukathira, mafutawo angoyandama pamwamba n'kutchinga mpweya, nsomba zodwala kalezo muzingoziona zili yasa kukamwa pamwamba pa madzi. Ndiye ndi chisanu cha kuno ku Blantyre mwezi wa Juni uno, eee, mafuta amenewa kukangozizira kufika pansi pa madigiri 24 amaundana, mudzangopeza zibulumwa zoyera mbee m'damumo. Nanga mtengo wake m'mashopu a ku Limbe mwauona? Ndalama imeneyo bola kugula madeya.

Koma chikundidetsa nkhawa ineyo n'china. Mukukumbuka mu 2020 nsomba zinkafa ndi zilonda ku Mchinji? Matenda aja amati EUS, ndipo gwero lake si mabakiteriya, ndi kankhungu ka m'madzi, kokonda nyengo yozizira ngati inoyi. Ngati ali amenewo, kokonati palibe chimene angachite. Ndiye mawa lomweli muitane alangizi a za nsomba adzaone ndi maso awo.

Podikirapo, zakufazo muzizivuula n'kukazikwirira kutali, ana asaotche. Ukonde wanu musabwereke munthu, madzi a m'damumo asatayikire kumtsinje. Madeya ndi manyowa muchepetseko, poti nsomba yodwala sidya kwambiri, zotsalazo zimangoola n'kuipitsa madzi.

Jambulani imodzi pafupi, chilondacho chioneke bwino, mutumize pagulupu pompano ndione.