Yankho kwa achemwali: zija amalankhula anawa si Chiembu cha agogo awo

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti kodi anyamata anga pa foni Lamlungu ankalankhula Chiembu kapena chiyani, poti ngakhale alamu anu, eni chinenerocho, anangoti duu. Ayi, sichinali Chiembu cha agogo awo. N'chinenero chobisa cha achinyamata, amachiphika okha kuti ife akuluakulu tisatolepo kanthu.

Chiembu chenichenicho n'cha anthu akuno ku Embu, m'munsi mwa phiri la Kenya, pachibale ndi Chikikuyu ndi Chimeru. Sichili kutali ndi chathu, munthu iwo amati mundu. Ndiye ana amatenga chimenechi n'kuthiramo Chiswahili, Chingerezi ndi Sheng, chinenero chosakaniza cha achinyamata a ku Nairobi.

Koma chimene chandigwira mtima ine n'kutembenuza mawu. Dzulo ndili kukhitchini ndikusankha nyemba za githeri, chakudya cha chimanga chophika pamodzi ndi nyemba, ndinamva wamkuluyu akuuza mnzake pawindo kuti akumane ku mbanyu. Ndinasiya lichero, n'kubwereza chamumtima: mba-nyu, nyu-mba. Nyumba! Liwu lomweli lathuli, pa Chiswahili ndi chimodzimodzi. Tsono tamverani bwino achemwali, sanangolidula paliponse ayi. Mba wayenda yense pamodzi, m sanatsalire kumbuyo. Iwo satembenuza zilembo ngati mmene tingachitire polemba, amatembenuza maphatikizo, ndipo palibe mphunzitsi anawauza kuti phatikizo limathera apa. Khutu lokha likudziwa. Ine zimenezi ndimaziona kuti n'nzeru, si kuononga chinenero monga apongozi anga amadandaulira.

Kwina amangodula. Town amati tao, thousand ndi thao, darasa, kalasi ija, ndi daro. Mwaona kuti onse akuthera pa o? Lilime lawo silifuna liwu lothera pouma, ngati ifenso tikamati buku, sukulu. Ndipo poti Chiembu chilibe l, ambiri lole amati rori, angakhale akutchena chotani m'kalankhulidwe, kwawo kumamvekabe.

Pa ndalama ndiye pali mawu osati masewera. Mbao ndi mashilingi 20, kuchokera ku paundi yakale ija, soo ndi 100. Awa tinawadziwa kale tonse, kondakitala wa matatu, maminibasi akuno, amakuuza poyera. Ndiye poti tawadziwa, sabisanso kanthu. Liwu likangofika m'kamwa mwa mayi, anawo amalitaya n'kupeka lina. N'chifukwa chake alamu anu, okulira konkuno, anasochera.

Ine sindiwaletsa. Chimene ndinawauza n'chakuti tikapita ku Runyenjes kwa agogo awo, moni ndi nkhani zonse zikhale m'Chiembu choyera, gogo asamachite kuyang'ana nkhope za adzukulu ngati alendo.

Paja mwana wanu uja wa ku Ndirande amalankhula Chibrazi, chija cha achinyamata a m'tauni kwathuko, ndi anzake, eti? Mumufunse ngati nawonso amatembenuza mawu chonchi, anditumizireko angapo pagulu pano, ndiwaonetse asuweni akewa madzulo ano.