Fyuluta yaikulu ya oyilo pa pikapu: yankho langa kwa bambo a ku Machinjiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Machinjiri. Ali ndi Toyota Hilux ya dizilo, ija ya 2.5 D-4D, yomwe yadutsa kale makilomita 280,000. Galimotoyi ndi imene imadyetsa banja lawo. Imatsika ndi katundu wa m'magolosale kupita ku Nchalo ndi ku Nsanje, masiku ena imakwera ku Neno. Analemba motere: "Makaniko wanga akuti ndisiye kafyuluta ka oyilo kamene ndimaika nthawi zonse, ndiyambe kuika yaikulu ngati ya Land Cruiser. Akuti oyilo azikhala woyera nthawi yaitali, injini siizitentha, ndipo sevisi ndizipanga pa makilomita 10,000 m'malo mwa 5,000. Oyilo wakwera mtengo, ndiye nkhaniyi yandikopa. Kodi ndi zoona?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanagule. Malangizowa akukoma m'khutu, ndikumvetsa, chifukwa chigubu cha oyilo masiku ano chikupweteka m'thumba kwa tonsefe. Koma ine ndikuti pitirizani ndi fyuluta ya saizi imene anaipangira injini yanuyo. Yaikulu ili nako kaphindu, sindikana, koma si kamene akulonjezani, ndipo mukalakwitsa posankha mukhoza kunoketsa injini tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'kati mwa kachitini ka fyuluta kaja. Pampu imakoka oyilo mu sampu, beseni la oyilo lija la pansi pa injini, n'kumukankhira mu fyuluta. Amalowera pa timabowo tozungulira tija, n'kudutsa pepala lopindapinda, kenako amatulukira pa bowo lapakati la mazinga, ulendo wa ku mabering'i, ku camshaft ndi ku tebo. Chimene chimasefa ndi pepalalo, chitini ndi nyumba chabe. Mafyuluta ambiri amagwira zinyalala za ma micron pakati pa 20 ndi 40 kupita m'mwamba. Kuti muone kuchepa kwake, tsitsi limodzi la munthu limakhala ma micron pafupifupi 70.

Ganizirani mayi akusefa ufa pakhomo. Akhale ndi sefa yaing'ono kapena yaikulu, ngati waya wake ndi wofanana, ufa wotsika pansi umakhalanso wofanana. Yaikulu imangochedwa kudzaza misere. Ndi mmenenso zilili apa. Fyuluta yaitali yokhala ndi pepala la mtundu womwewo siisefa mosalala kuposa yaifupi, imangokhala ndi malo ambiri osungira zinyalala.

Ndiye za oyilo woyera zija ziiwaleni. Chimene chimadetsa oyilo wa dizilo ndi mwaye wochokera ku moto wa m'masilinda, ndipo mwayewu ndi wochepetsetsa, sufika ngakhale micron imodzi. Umadutsa pepala ngati palibepo kanthu. N'chifukwa chake mukathira oyilo watsopano m'mawa ku Ginnery Corner, pobwera ku Nchalo madzulo mumapeza dipusitiki ili bii. Kuda kumeneku si vuto pakokha, ndi ntchito ya oyilo kunyamula mwaye kuti usamatirire m'kati mwa injini. Vuto ndi loti ukachuluka oyilo amayamba kulimba ndi kunola zitsulo. Pamwamba pa mwaye palinso dizilo wodonthera mu sampu amene amasungunula oyilo, pali asidi, komanso mankhwala amene opanga anasakaniza mu oyilomo amapita nafooka ndi kutentha. Zonsezi palibe fyuluta ya chitini imene imazichotsa. Zimachoka pokhapokha mwamasula bawuti ya sampu n'kukhetsa oyilo yense.

Apa ndiye pamene ndikuwatsutsa kwambiri makaniko anu. Injini ya makilomita 280,000 maring'i ake anayamba kutha, ndiye mwaye wotsikira mu oyilo ndi wambiri kuposa ili yatsopano. Imagwira ntchito yolemetsa, kukwera zitunda za ku Thabwa mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, kuima pa mzere wa magalimoto pa Masauko Chipembere Highway injini ikungolira. Galimoto yotere musaitalikitsire sevisi chifukwa cha chitini chachikulu. Ndalama imene mungapulumutse pa zigubu ziwiri zitatu mudzaibweza kambirimbiri pa ovaholo.

Za kuzizira ndidutsepo msanga. Injini yanu imalowa oyilo pafupifupi malita 7. Fyuluta yaitali ingawonjezere ngati kapu imodzi. Kapu imeneyo singatsitse muvi wosonyeza kutentha pa dashibodi. Ntchito yoziziritsa ndi ya radiator, fani, thermostat ndi oil cooler imene ili kale pa injinipo. Ngati galimoto ikutentha pokwera kuchokera ku Chikwawa, kafufuzeni kumeneko. Ena amatinso fyuluta yaikulu imakweza puresha ya oyilo. Ayi, puresha imalamulidwa ndi pampu ndi valavu yake, komanso mmene mabering'i athera.

Nanga kaphindu ndinanena kaja? Ngati m'chitini chachikulumo mulidi pepala lambiri, fyuluta imachedwa kutsekeka, komanso oyilo amadutsa mosavutikira, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julaye chiperoni chitagwira Limbe yense, oyilo ali wolimba ngati uchi. Izi n'zoona. Koma injini yabwinobwino, yosinthidwa oyilo pa 5,000, siidzaza ngakhale fyuluta yake yaing'ono. Mukhala mukulipirira nkhokwe yaikulu pamene chimanga chake ndi cha dengu limodzi.

Ndipo mawu oti "ngati mulidi pepala lambiri" ndi ofunika kuwamvetsa. Tsiku lina ndili pagalaja ina ku Ndirande, ine ndi makaniko wachikulire amene ndimamudalira tinadula mafyuluta awiri ndi sowo yodulira zitsulo. Ina inali yaifupi, yolemera m'manja, yochokera pa galimoto imene mwini wake amagula zinthu zenizeni. Ina inali yaitali, penti yake yowala, bokosi lake lokongola. Titatsegula yaifupi, pepala linali lothinana, mapindo ake oyandikana ngati masamba a buku, kumapeto konse kotsekedwa bwino ndi zitsulo. Yaitali ija tinapeza kapepala kofika theka la chitini, mapindo otalikirana moti chala chimalowa pakati, guluu atamatuka mbali imodzi, ndipo malo otsalawo anangoikapo sipuling'i yaitali. Tinatambasula mapepala onse awiri pansi pa simenti. La fyuluta yaifupi linapitirira linzake ndi mkono wathunthu. Mkuluyo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwaonatu achimwene, oyilo ankangodutsa pomatukapa osasefedwa." Kuyambira tsiku limenelo, kukula kwa chitini sindikuyesanso umboni wa chilichonse. Mafyuluta a feki alipo ambiri m'tauni muno, ndipo kunja amaoneka bwino kuposa enieni.

Tsopano zoopsa zake. Choyamba ndi mazinga, ndipo apa ndikulankhula zimene zinandionekera. Magalimoto ambiri a Toyota, kuphatikizapo Hilux yanu, mazinga a fyuluta ndi a muyeso wa mainchi, otchedwa 3/4-16, omwe ndi mamilimita 19 ndi pang'ono. Magalimoto ambiri a Nissan, Mazda ndi Honda amagwiritsa a M20 x 1.5, omwe ndi mamilimita 20. Kusiyana kwake sikukwana milimita imodzi, moti fyuluta ya M20 imalowa pa 3/4-16, imazungulira, imaoneka ngati yamanga. Zaka zapitazo ndili ndi pikapu yakale ya petulo, ndinagula yaikulupo pa shopu ina ku Limbe, wogulitsa atanditsimikizira kuti zonse n'chimodzimodzi. Pomanga ndinamva kuti ikugwedera pang'ono isanafike kumapeto, koma sindinalabadire. Nditangodutsa Lunzu, kagetsi kofiira ka oyilo kanayaka. Ndinazimitsa injini nthawi yomweyo n'kuima pambali. Kuyang'ana kumbuyo, mzere wakuda uli ndondondo pa tala, pansi pa galimoto oyilo akungochucha, fyuluta italumpha mazinga n'kupendekeka. Injini inapulumuka chifukwa diso linali pa dashibodi mphindi imeneyo. Ndikanakhala ndikucheza ndi munthu, bwenzi nkhani ili ina.

Ngati makaniko anu akunena ya Land Cruiser ya dizilo ija ya 1HZ, imeneyo mazinga ake ndi M24 x 1.5, pa injini yanu singagwire n'komwe. Ndi yomwe imalowanso pa Hilux zakale za injini ya 3L ndi 5L, mwina n'chifukwa chake anthu amasokoneza. Kukula kwake kuli ndi chifukwa: m'kati mwake muli sefa ziwiri, ina yodutsa oyilo wambiri, ina yosalala kwambiri yodutsa wochepa pang'onopang'ono, ndipo injini zimenezo anazikonzera fyuluta yoteroyo kuchokera kufakitale.

Mazinga akagwirizana, nkhani sinathe. Kamphira kozungulira ka kumutu kwa fyuluta, koletsa oyilo kuchucha, kayenera kukhala ndendende pa malo ake osalala. Kakakula pang'ono n'kukhalira m'mphepete, kakhoza kugwira galimoto ili pagalaja, n'kukaphulika injini ikukoka pa chitunda.

Ndiye pali tizitseko tiwiri tobisika m'kati timene ogula ambiri sakudziwa kuti tilipo. Koyamba ndi bypass valve. Pepala likatsekeka, kapena oyilo akalimba ndi kuzizira, kachitseko aka kamatseguka kuti oyilo alambalale pepala, chifukwa kwa mabering'i bola oyilo wosasefa kusiyana ndi kuuma. Mphamvu imene kamatsegukira imasiyana malinga ndi injini. Mukaika fyuluta ya kachitseko kofewa, kazingotseguka pafupipafupi, oyilo wosasefa n'kumazungulira inu mukuganiza kuti mwateteza injini. Injini zina kachitsekoka kali pa injini penipeni, ndiye mafyuluta ake alibe. Yoteroyo ikapita pa injini yodalira kachitseko ka mu fyuluta, tsiku lotsekeka pepala oyilo amasowa podzera, kapena pepalalo limang'ambika. Kachiwiri ndi kamphira kena kamene mumakaona mukasuzumira pa timabowo tija. Kamaletsa oyilo kubwerera mu sampu galimoto ikagona. Kakasowa kapena kakakhala kachabechabe, m'mawa poliza mumamva injini ili gogogo kwa masekondi angapo kagetsi kasanazime, ndipo masekondi amenewo ndi amene amadya zitsulo kwambiri.

Onaninso malo. Chitini chachitali chikhoza kukhudza chitsulo china injini ikamagwedezeka m'mabampu a msewu wa ku Neno, ndipo chitini n'chopyapyala, chikamakhuzika tsiku ndi tsiku chimabooka. Kwa owerenga a Ford Ranger za 2.2 ndi 3.2, funsoli silikukukhudzani, chifukwa zanu mumangosintha pepala lokha m'kati mwa chivindikiro chake, saizi ndi imodzi basi.

Mukafunitsitsabe yaikulu, musadalire diso la wogulitsa. Makampani odziwika monga GUD ya ku South Africa, Mann ndi Donaldson ali ndi mabuku ndi masamba a pa intaneti osonyeza mazinga, kukula kwa kamphira kozungulira kaja ndi mphamvu ya bypass valve ya fyuluta iliyonse. Zonse zigwirizane ndi yanu, kusiyana kukhale kutalika kokha. Pomanga, pakani oyilo pa kamphira, mangani ndi dzanja osati sipanala, lizani injini, suzumirani pansi, kenako onaninso dipusitiki chifukwa oyilo afunika kuwonjezera pang'ono. Sevisi ikhalebe pa 5,000.

Koma bambo, ndikanakhala inu ndalama imeneyo ndikanaiika pa fyuluta ya mpweya. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la m'misewu yathu ndi mchenga wosalala, ndipo likalowa m'masilinda limanola maring'i ndi makoma ake oyilo asanafike n'komwe ku fyuluta yake. Chimene chimandiwawa ndi chizolowezi cha m'magalaja ambiri chopopera fyuluta ya mpweya ndi kompuresa mwamphamvu. Imaoneka yoyera, koma pepala limakhala litabooka timabowo tosaoneka ndi maso. Chitani ichi mawa m'mawa: tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, chotsani fyulutayo, pititsani chala m'kati mwa paipi yopita ku tebo. Chala chituluke choyera. Chikatuluka ndi fumbi, ndiye kuti pepala labooka, kapena chivindikiro sichikutseka, kapena paipi yang'ambika penapake, ndipo limenelo ndi vuto lofunika kulithamangira kuposa saizi ya fyuluta ya oyilo. Yang'aniraninso chothirira oyilo. Ndaonapo anyamata akutola botolo lodula pansi pa dothi, kulipukuta ndi kansanza n'kuthirira oyilo watsopano wa ndalama zambirimbiri. Musaiwalenso fyuluta ya dizilo, popeza ma injector a D-4D sagwirizana ndi madzi ngakhale litsiro.

Pa sevisi ikubwerayi, fyuluta yakale musaisiye pagalaja. Ikhutuleni oyilo, muidule pafupi ndi kumutu kwa mazinga, mutambasule pepala padzuwa. Tizitsulo ta sowo timatsalira m'mphepete modula, inu yang'anani m'kati mwa mapindo. Mukangoona kuda kwa mwaye, injini yanu ili bwino ndipo kafyuluta kanu kakukwanitsa ntchito. Mukaona tonyezimira ta mtundu wa siliva kapena wa kopa, mabering'i ayamba kudyeka. Mujambule chithunzi munditumizire pa imelo yomweyi, mundiuzenso ngati kagetsi ka oyilo kamachedwa kuzima m'mawa, tione poyambira galimoto isanatsikenso ku Nsanje ndi katundu.