Yankho kwa alamu pa za puloti ya ku Area 49

Alamu, mwaswera bwanji. Uthenga wanu ndaumva, wa puloti ya malemu achimwene ku Area 49 ija, yoti palibe mwana akufuna kumangapo, ndiye mwapeza munthu akuti ali ndi wogula wa ndalama m'manja. Musanalandire ngakhale kwacha imodzi, tamvani kaye izi.

Pulotiyo ikadali m'dzina la malemu, eti? Ndiye panopa palibe angaigulitse, ngakhale inuyo. Ndi chuma cha masiye, chimayenda ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011. Ngati sanasiye wilo, pakufunika ma letters of administration, makalata ochokera kukhoti opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho. Mutha kudzera kwa loya kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye. Mudzafunika setifiketi ya imfa komanso mayina a ana onse, onse ndithu, ngakhale obadwira kumbali ngati alipo, chifukwa mmodzi akatsala ndi amene adzakaimitse malonda wogula atalipira kale.

Kenako fufuzani m'chikwama cha mapepala muja muone amene anapereka malowo. Ndi a Lands, unduna wa za malo? A Malawi Housing? Khonsolo ya mzinda? Kapena ndi kalata chabe ya amfumu? Aliyense ali ndi njira yake yosinthira dzina. Ndipo offer letter, kalata yongokulonjezani malo, si title deed, chikalata cha umwini, ayi. Ambiri amasunga offer letter zaka ndi zaka nkumati malo ndi athu, pomwe ndalama zomwe zinalembedwa m'kalatamo sanamalize kulipira ndipo lizi sinatuluke.

Tsopano povuta penipeni ndi apa. Malamulo a malo anasinthidwa mu 2022, ndipo amaletsa kugulitsa malo a lizi omwe ali chabe, opanda chitukuko. Amaletsanso kugulitsa kwa munthu yemwe si nzika ya Malawi. Lizi ya nyumba, ya zaka 99 ija, imakhalanso ndi mawu oti mumange pasanathe nthawi yakutiyakuti, kawirikawiri zaka ziwiri, apo ayi boma litha kulanda. Ndiye puloti yongomera udzu ndi yovuta kugulitsa kuposa yomwe pali nyumba, ngakhale ogula atachuluka bwanji. Anthu amazemba polemberana kapepala kumbali, dzina nkukhalabe la mwini wakale. Musayese zimenezo. Ground rent (lendi ya malo a lizi) ndi city rates (msonkho wa khonsolo) zidzapitiriza kubwera kubanja lanu, ndipo wogulayo akadzakanizidwa kusintha dzina adzabwerera kwa inu kufuna ndalama zake, inu mutadya kale.

Ndiye pitani nokha ku Lands ndi nambala ya puloti, mupemphe search. Imeneyo ionetsa dzina lomwe lili m'kaundula, ngati malemu anakongolerapo kubanki, komanso ngati wina anaikapo caution, chiletso choti malowo asasinthidwe dzina. Funsaninso ngongole ya ground rent, kenako mupite kukhonsolo mukafunse ya city rates. Zimaunjikana mwakachetechete chaka ndi chaka, ndipo kalata ya consent, yovomereza kusintha dzina, situluka musanalipire. Ku Lands komweko afunseni kuti chitukuko chomwe amavomera ndi chotani, akuyankheni polemba. Musangoganiza kuti mpanda wa njerwa wokha ukwanira.

Kumaloko nako kupite munthu sabata ino, ndi saveya wovomerezeka, akapeze mabikoni onse a m'malire molingana ndi deed plan, mapu a pulotiyo. Malo osayenderedwa aneba amasuntha malire pang'onopang'ono, mita imodzi chaka chino, ina chaka chamawa. Ena amaumbapo njerwa nkusiya maenje, ndipo wogula akaona maenjewo amatsitsa mtengo poti adzafunika malole a dothi okwirira. Ngati pali amene akulimapo chimanga, musamuthamangitse mwaukali, koma mulemberane kuti akulima mwachilolezo chanu mpaka akolole. Kapepalako nkofunika, chifukwa munthu akakhala pamalo olembetsedwa zaka 12 poyera, popanda chilolezo komanso popanda womuletsa, atha kupempha kuti akhale ake.

Za munthu wanu wa wogula uja, ine ndikumukayikira. Madobadoba amakonda malo a amayi amasiye podziwa kuti mukufuna kuthana nazo msanga. Amakuuzani mtengo wotsika, kwa wogula nkutchula wina, chapakaticho nkulowa m'thumba mwawo. Ena amatenga fotokope ya mapepala nkugulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri kapena atatu. Musampatse mapepala enieni, ngakhale anene kuti akungokaonetsa. Mtengo akuuzeni ndi valuer wovomerezeka, katswiri woyesa mtengo wa malo, ndipo ngati mukufuna ejenti, komishoni yake ilembedwe musanayambe.

Zikatheka kuti a Lands avomera, mgwirizano alembe ndi loya, ndalama zidutse kubanki kapena kuakaunti ya loyayo, osati m'jumbo. Inu mudzafunika tax clearance ya ku MRA, kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndipo pa phindu la malondawo pamatha kukhala msonkho, ndiye musagawane ndalama zonse tsiku lomwelo. Stamp duty, msonkho wa pa zikalata zosinthira dzina, nthawi zambiri amalipira ndi wogula, koma zilembedwe mumgwirizanomo kuti pasadzakhale kukangana.

A Lands akakana, njira zilipobe. Mutha kusonkherana nkumanga kanyumba pa pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, kenako nkugulitsa kapena kuikamo alenti. Muthanso kusinthira dzina kwa mmodzi wa ana ngati gawo lake la chuma cha masiye, enawo nkutenga zina. Mwa ziwirizi ine ndingasankhe yachiwiri, siidya ndalama zambiri.

Mapepalawo ajambuleni mbali zonse munditumizire ine pandekha, osati m'gulu muno, ndione kuti tiyambire ofesi iti.