Kupuma Lachiwiri, anzako onse ali kuntchito

Mayi wina wogwira ntchito ya mashifiti wandilembera imelo. Akuti amapuma Lachiwiri, koma mpumulowo suwafika pamtima. Ndiye akufunsa: kodi anakonza sabata ndani, nanga bwanji ili ndi masiku 7?

Zikomo mayi, mwafunsa zofunika. Tsiku limatsata dzuwa, chaka chimatsata nyengo, koma sabata ilibe chizindikiro kumwamba. Anthu anangopangana. Aiguputo akale ankawerenga masiku khumikhumi, pomwe Aroma ankakhala ndi msika kamodzi pa masiku 8. Sabata ya masiku 7 inazika mizu pakati pa Ayuda chifukwa cha tsiku lawo lopuma, kenaka inafalikira mu ufumu wa Roma. M'chaka cha 321 mfumu Constantine analamula kuti makhoti ndi amisiri a m'mizinda azipuma Lamulungu, ngakhale alimi anawalola kupita kumunda.

Alipo amene anayesa kuithetsa sabata ya masiku 7. Ku France, mu 1793, anabweretsa sabata ya masiku 10, koma mfumu yawo Napoleon anachotsa kalendalayo mu 1806.

Nkhani yofanana ndi yanu inachitika ku Soviet Union (dziko lakale la Russia ndi mayiko oyandikana nalo) mu 1929. Boma la mtsogoleri wawo Stalin linkafuna kuti makina a m'mafakitale asamaime, choncho linakonza sabata ya masiku 5 n'kugawa antchito m'magulu asanu, gulu lililonse ndi tsiku lakelake lopuma. Taganizani mayi: bambo apuma lero, akazi awo mawa, mnzawo wapamtima mkuja. Munthu ankadzuka m'nyumba muli zii, wopita kukacheza naye palibe. Masiku opuma anachuluka kuposa kale, koma anthu ankangodandaula, nawo makina ankawonongeka posowa nthawi yowakonzera. Mu 1931 anasintha n'kuika masiku 6, ndipo pofika 1940 anabwerera ku masiku 7.

N'chifukwa chake ine sindikuona kuti vuto lili mwa inu. Thupi limapuma tsiku lililonse limene mwalipatsa, koma maukwati, mapemphero, mpira ndi kuyenderana zonse zinaunjikana Loweruka ndi Lamulungu, ndipo zimakudutsani muli pantchito. Zimenezi zimapweteka, musazione ngati zazing'ono.

Kambiranani ndi abwana anu kuti muzisinthana ndi anzanu, mwina kamodzi pamwezi, kuti Lamulungu lina lizikupezani pakhomo. Funsaninso kuntchitoko amene amapuma Lachiwiri ngati inu, mupangane zoti muzionana tsikulo.