Darcy ankamva akauzidwa, wanga sankamva

Achemwali, mwafunsa za Elizabeth ndi Darcy a m'buku la Pride and Prejudice. Zoti awiriwa amayenerana chifukwa wina ndi wolongolola wina ndi wachete, ine ndakana. Ndemanga za anthu onena zimenezi zandiwawitsa mtima, chifukwa maganizo omwewa ndi amene anandizunzitsa zaka zinayi zathunthu.

Taliwerengeninso bwino buku la Jane Austen lija la mu 1813. Kunja inde amaoneka osiyana. Darcy ali ndi chinyumba ndi malo otchedwa Pemberley komanso mapaundi 10,000 pachaka, ndipo ku gule wa ku Meryton anakana kuvina ndi Elizabeth. Elizabeth ndi wachiwiri mwa atsikana asanu, nyumba ya bambo ake idzapita kwa wachibale wawo Collins, koma pakamwa pake nthabwala sizitha. Mumtima ndi anthu amodzi. Onse ndi ouma mutu, onse amafulumira kuweruza, onse angafere m'bale wawo. Elizabeth anaponda matope wapansi kukaona mkulu wake Jane akudwala ku Netherfield, Darcy naye anapulumutsa mlongo wake Georgiana m'manja mwa kamberembere wina dzina lake Wickham. Chachikulu n'chakuti onse awiri akauzidwa zoona zowawa amachita manyazi. Ku Hunsford, Darcy atamufunsira ukwati, Elizabeth anamukana, n'kumuuza pamaso kuti ndi wodzikuza ndiponso wosaganizira anzake. Mwamuna anapsa mtima, zoona, koma kutacha anamupatsa kalata pamanja, ndipo Elizabeth atawerenga anaona kuti iyenso analakwitsa pa za Wickham. Lydia, mng'ono wake wa Elizabeth, atathawa ndi Wickham yemweyo, Darcy anawasaka mu London, analipira ngongole za mdani wake, n'kupempha kuti nkhaniyo isamveke. Mukafuna anthu osiyanadi m'buku lomwelo, onani makolo a Elizabeth. Bambo amangodzitsekera m'chipinda cha mabuku n'kumaseka mkazi wawo pamaso pa ana. Banja lija ndi limene ndinakhalamo ine.

Nditakumana ndi wanga ndinkati ndatola mwayi. Wofatsa, wosalankhulalankhula, ine wokonda kuseka ndi kucheza. Anzanga onse ankati mukuyenerana, iwe moto iye madzi. Ndinakhulupirira kuti pansi pa chete ameneyo pali mtima wabwino umene ukungodikira ine.

Tsiku limene sindidzaliiwala kunali phwando la kuntchito kwake. Ndinavala diresi limene iye mwini anasankha. Munthu wina ananena zoseketsa, ine n'kuseka mmene ndimasekera masiku onse. Iye anaika tambula yake patebulo pang'onopang'ono, osandiyang'ana n'komwe, n'kuuza anzake kuti, "Musamudabwe, kwawo onse ndi otere. Sanaphunzire kukhala pa anthu." Anthu asanu ndi awiri patebulo paja anangoti zii. Akazi a abwana ake anayamba kukonzakonza kansalu kopukutira pakamwa, maso ali pansi. Dzanja langa linanjenjemera mpaka chakumwa chinatayikira pa diresi, ndipo ndinakhala pomwepo maola ena awiri ndi banga pachifuwa, ndikumwetulira kuti iye asachite manyazi. Kwathu kumene ankanyozako ndi kwa mayi anga, amene anamusamalira m'chipatala milungu iwiri achibale ake osaoneka.

M'galimoto nditayamba kulankhula anakweza wailesi. Usiku umenewo ndinamulembera kalata ya masamba atatu ndikulira, mopanda chipongwe, kungomuuza mmene mawu aja anandilasira. Ndinaiika pa pilo wake. M'mawa ndinaipeza patebulo, waikapo kapu, inki itafalikira ndi madzi, kuseri kwake atalembapo nambala ya foni ya makanika. Anakhala masiku 19 osandilankhula. Tili m'nyumba imodzi ankanditumizira uthenga pa WhatsApp wakuti ndizimitse magetsi. Nditadandaula kwa mlongo wake anangoti, "Alamu, ndi mmene alili achimwene, mungopirira." Ndipirire chiyani? Munthu wamkulu, wophunzira, wodziwa kupepesa kwa abwana ake akachedwa mphindi zisanu, koma kwa mkazi wake mawu akuti pepa amamutsamwa! Chete wake chinali chikwapu, ndipo ankadziwa bwino lomwe mmene amachigwiritsira ntchito. Mpaka lero ndikaseka pagulu ndimayamba ndayang'ana uku ndi uku.

N'chifukwa chake ndimawakondabe Elizabeth ndi Darcy, ndipo zigawo za filimu ya bukuli za BBC za mu 1995 ndimazionerabe misozi ili m'maso. Elizabeth atafika ku Pemberley patapita miyezi ingapo atamukana Darcy, anapeza munthu amene mawu ake anamulowa, akulandira mwaulemu amalume ake a Gardiner, anthu a malonda omwe kale akanawaona ngati achabechabe.

Ndiye achemwali, ngati mukufunsa chifukwa pali wina wake, musakwatiwe ndi munthu poyembekezera kuti adzasintha, zimenezo zinandithera zaka. Komanso musamuthawe msanga chifukwa choti ndi wachete, ena ndi amanyazi chabe ndipo amafunika nthawi. Akakulakwirani muuzeni pamaso, ngati pakamwa pakulemera mulembereni kalata. Mupatseni mlungu umodzi, mwina iwiri, muone chimene achite nayo.